Timabowo Makumi Atatu ndi Tiwiri

Mbaula iyi tinaitenga pangongole
kwa mnyamata wa ku Nchalo woyenda ndi malisiti m'thumba la malaya.
Anati siidya nkhuni, siidya makala,
imadya timibulu ta utuchi tonga manyi a mbuzi,
ndipo kunsi kwake kuli kafani kopemerera moto
kuti mkazi wanga asiye kugwada n'kumauzira.

Usiku umene Ruo analowa m'Makhanga osaodira
Nyamazawo anasenza iyoyi, matiresi anawasiya.
Inamira kawiri tisanafike pachulu.
Milungu isanu kumsasa wa ku Bangula inangokhala pakona pa tenti
tikuikapo sopo ndi makadi a kuchipatala.

Lero tabwerera. Ndayatsa.
Utsi wokhawokha, wachikasu, wowawa m'maso,
mlamba uli m'mbale ukutiyang'ana.

A Alufandika, atatsamira mpanda, akuti ndi batire.
Iwo chilichonse ndi batire,
ngakhale njinga yawo itaphwa tayala.
Komabe ndaanika sola padenga kuyambira mamawa,
ndipo dzuwa la kuno silinyenga munthu,
limapsereza ndi mwala womwe.
Kanyali kofiira kasanduka kobiriwira. Si batire.

Ndapisa dzanja m'thumba la timibulu.
Tatupa, tafumbutuka, tabwerera ku utuchi kumene tinachokera.
Ndasankha tolimba, tolira ndikatithyola,
ndatiyala pa lata lomwe madzi anatisiyira.
Totsalato nkhuku zafukula, zanyansidwa, zapita.

Masikuluwu anayi, limodzi ladzimbiri.
Ndalidontheza mafuta ophikira, ndadikira, ndapotokola ndi nsonga ya mpeni.
M'katimo kafani kagwidwa ndi dothi louma,
mapiko ake asanu ali ndwii ngati a chiwala chofera m'matope.
Dothi lake lofiira. Si lathu ili, lathu ndi lakuda.
Uwu ndi munda wa munthu wina wa ku Mulanje
wabwera kudzagona m'mbaula mwanga.
Kaya iye wadzala pati chaka chino.

Ndatsuka ndi mswachi wakale wa Esinati,
phiko limodzi, kenako linzake, osathira madzi.
Ndauzira. Lazungulira kamodzi, laima.
Ndauziranso,
ndipo Nyamazawo waseka koyamba chichokere kumsasa:
paja munagula kuti tisamauzire?

Waya wakuda wasupuka pafupi ndi polumikiza,
mano a khoswe akuonekera.
Ndamanga ndi mphira wa chubu.
Kafani kayamba kulira ngati udzudzu wa ku Ndinde,
koma lawi likadali la ulesi, likunyambita mbali imodzi.

Ndiye ndazondotsa chitini chamkati, ndagogoda,
phulusa la mu Januwale lagwa lili chibuma.
Kukamwa kwake kuli timabowo tozungulira,
sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo.
Ndathyola sipoko ya njinga yakufa ija
ndi kuyamba kutokosa, kamodzikamodzi.
Esinati akuwerenga mokweza:
khumi ndi kasanu, khumi ndi kasanu n'kamodzi,
wasokoneza, wayambiranso.
Makumi atatu ndi tiwiri.
Zaka ziwiri ikutiphikira, ine osaifunsa kuti imapumira pati.

Timibulu touma mpaka pamzere, osapyola.
Tinsatsi tiwiri totswanya pamwamba, parafini anatha.
Machesi. Kudikira kaye moto ugwire, osathamangira fani,
mnyamata uja ananena zimenezo ndipo ndinkayesa n'zamalonda.
Kenako ndatembenuza kabatani.

Lawi latuluka m'timabowo tonse
kupatula kamodzi kakumanzere komwe kakanabe.
Ndikaona mawa.

A Alufandika achoka pampanda, abwera ndi mbale yawo,
akuti ankadziwa kuti ndi batire.
Mwezi ukatha mnyamata wa ku Nchalo abwera ndi lisiti lake
ndipo sindikudziwa chomwe ndidzamuuze.
Pakadali pano Nyamazawo akutembenuza mlamba,
Esinati wabisa sipoko ija paphaso,
akuti ndi yake tsopano,
Loweruka lililonse azitokosa yekha.